Kiyibodi Yanga Yaphokoso ndi Gulu Lopanda Mwini

Inu, tamverani, sendezani mpandowo. Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kukwezedwa pa ntchito, ine ndemwe, kalaliki wa zaka khumi ndi ziwiri pa desiki imodzi!

Zinayamba ndi mlamu wanga wokonza makompyuta. Anandilowetsa m'gulu lina la pa intaneti la anthu okonda makiyibodi ooneka ngati makina otayipira akale.

“Mwini gululi ndani?” ndinamufunsa.

“Kulibe mwini, alamu. Aliyense amatsegula bwalo lake, mabwalowo n'kumagawana zolemba.”

Kopanda bwana! Ndinakopeka tsiku lomwelo, sabata isanathe ndagula kale kiyibodi yanga: mabatani ozungulira, m'mbali mwake monyezimira, ukangoikhudza kuti khwa-khwa-khwa ngati matalala padenga la malata.

Nditapita nayo ku ofesi, a bwana anatuluka m'chipinda chawo khutu lili tcheru.

“Akugwira ntchito chonchi ndani?”

“Ndine, bwana.”

“Mwamva, enanu? Mpando wa wamkulu wa makalaliki uli pululu, ndipo ndayamba kuona mwini wake.”

Anandisamutsira pakhomo pawo penipeni. Vuto n'lakuti ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku inkatha isanakwane teni koloko. Ndikangokhala chete pang'ono, mawu a bwana ankamveka: “Mwadwala kodi?” Ndiye ndinkatayipa, abale, kucheza m'gulu muja tsiku lonse, kutsutsana ndi anthu osawadziwa za batani lomwe limalira bwino. Lipoti la pachaka lili gone m'dirowa.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Tsiku lina ndinalemba kuti: “Bwana wanga ndi wabwino, amayeza ntchito ndi khutu. Panopa akumwetulira, akuganiza kuti ili ndi lipoti.” Ndinaikaponso chithunzi cha kiyibodi, osaona kuti kumbuyo kwake kukuoneka chitseko cha a bwana ndi jekete lawo la mizeremizere.

Anthu anaseka, anagawana, ine kumva kukoma. Kenako ndinaona jekete lija pa chithunzipo. Ndinafufuta msangamsanga n'kuimbira mlamu.

“Mwafufuta pa bwalo lanu lokha,” anatero. “Kwinako zapita kale.”

“Ndipatse nambala ya mkulu wake ndikamugwadire!”

“Alamu, si paja munasangalala kuti kulibe mwini?”

Ndinalembera oyang'anira mabwalo mmodzimmodzi. Woyamba anati akambirana kaye ndi anthu ake. Wachiwiri anati kwawo safufuta mbiri. Wachitatu anangofunsa kumene ndinagula mabataniwo. Madzi akatayika saoleka, ndipo awa anatayikira m'mabwalo makumi anayi.

Lolemba a bwana anandiitana, foni ili m'manja. Mwana wawo wamkazi, kani nayenso ndi wa makiyibodi, ndiye anawaonetsa zonse.

“Jekete ili mukulidziwa?”

“Likufanana ndi lanu, bwana.”

“Sindikuchotsani ntchito,” anatero mofatsa. “Ndaona kuti mumakonda zakale.”

Anatuma mlonda kuchipinda chosungira katundu. Anabwera akuwefuka, atanyamula makina otayipira enieni, achitsulo, a fumbi lokhalokha. Kompyuta yanga a bwana anaipereka kwa mayi wa pa desiki yapakona, yemwe amatayipa mwakachetechete ndi zala ziwiri, pamodzi ndi mpando ndinkaulota uja. Zinandiwawa, sindinama.

Phokoso ndiye ndikuchitabe, kuposa kale. Kungoti masiku ano likangomveka, a bwana amatambasula dzanja pakhomo osadzuka n'komwe: “Pepala lake?”