Makiyi a alamu m'matope a Chilwa

Anthu akamadandaula kuti kudulitsa kiyi wa galimoto n'kodula masiku ano, ine ndimangoyang'ana kumbali. Ndinagulapo kiyi pamtengo wa wailesi, jekete ndi malipiro a mwezi wathunthu, chonsecho galimotoyo sinali yanga n'komwe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndikuphunzitsa pasukulu ina yapulaimale kwa Mwambo. Mng'ono wanga ankakwatira Loweruka, ndipo ntchito yosaka mpunga ndi ndiwo inagwera ine. Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali ndi golosale pa Songani komanso kagalimoto kabokosi kumbuyo, komwe ankakapukuta m'mawa uliwonse asanasukusule. Ndinakabwereka. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanatulutse makiyi.

"Alamu, kagalimoto aka ndiye khasu langa," anatero. "Mukakabweze mmene mwakatengeramu."

Ndinapita nako padoko la Kachulu kunyanja ya Chilwa, nditagula kale mpunga m'njira, n'kukaimika pansi pa mtengo, n'kukiya zitseko anthu akuona (ndinabwereza ndithu, kuti amene sanaone aone). Kenako ndinakwera bwato la bambo ena, a Namakhwa, kuwolokera ku chilumba cha Chisi komwe matemba ouma anali otchipa.

Pobwerera, matumba a matemba ali pakati pa bwato, ndinatulutsa makiyi aja n'kumawazunguliza pachala. Chifukwa chenicheni panalibe. M'bwatomo munali amayi awiri ogulitsa nsomba, ndiye ndinkafuna adziwe kuti kumtunda kukundidikira galimoto. Tikuyandikira mabango kunabwera kamphepo, bwato n'kupendekera, madzi n'kundithovukira pachifuwa. Dzanja langa silinandifunse. Linathamangira kuthumba la malaya komwe ndinkasunga kadi ya chipani. Masiku amenewo wopanda kadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ndiye thupi linazolowera kuitchinjiriza lokha. Kadi inapulumuka youma. Makiyi anangoti chubwi!

"Aphunzitsi, chagwacho n'chiyani?" anafunsa a Namakhwa.

"Makiyi."

"A nyumba?"

"A galimoto."

"Mayo ine," anatero mmodzi mwa amayi aja, "ife timati mutinyamula."

Madzi pamenepo anali olekeza m'chifuwa, koma pansi pa Chilwa ndi phala lokhalokha la matope. A Namakhwa anazika nsungwi yawo pamalopo n'kuitana asodzi anzawo. Analowa onse n'kumafufuza ndi zala za kumapazi, inenso ndili pakati pawo ndi kabudula wam'kati (mphunzitsi wathunthu, makolo a ophunzira anga akuonerera). Tinavuula nkhono, chidutswa cha ukonde ndi supuni yadzimbiri. Dzuwa litapendeka a Namakhwa anazula nsungwi ija.

"Aphunzitsi, nyanja yalandira. Tiyeni."

Asodziwo ndinawapatsa ya sopo, ndipo itaperewera ndinaonjezera matemba a ukwati.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanatuma wanjinga ku Songani kukanena zomwe zachitika. Ndinaganizapo ndithu. Koma ndinkangoona nkhope ya alamu, komanso achemwali akunenedwa kuti mlongo wawo anaponya galimoto m'nyanja. Ndinasankha kukonza ndekha, mwakachetechete, ngati kuti pa Kachulu pali chinthu chimene chimachitika mwakachetechete.

M'mawa mwake ndinasiya munthu wolondera galimoto (wolipidwa, n'zachidziwikire), n'kukwera lole ya nsomba kupita ku Zomba. Ndinapeza wodula makiyi pakhonde la sitolo ina.

"Bweretsani kiyi wakeyo titengere," anatero.

"Ndiye watayikayo."

"Ndiye bweretsani loko."

"Ali pagalimoto."

"Bweretsani galimotoyo."

"Ilibe kiyi, achimwene."

Anandiyang'ana mwachisoni n'kundilozera kwa makaniko wina kuseri kwa msika. Makanikoyo anati chiwongolero chikakhala chokiya palibe zolumikiza mawaya, pakufunika kuchotsa loko yense n'kuika wina. Loko anapezeka pagalimoto ina yakufa, koma mtengo wake unali wamoyo. Kuphatikiza ntchito, thiransipoti ndi chakudya cha makanikoyo, malipiro anga anathera pompo. Chotsala ndinalonjeza wailesi yanga, imene inkandisangalatsa ndekhandekha m'nyumba ya aphunzitsi.

Titafika ku Kachulu makanikoyo anayesa kutsegula chitseko ndi waya. Anapinda, anawongola, anatukwana pang'ono, kenako anatola mwala.

"Kagalasi kakang'onoka sikodula, bwana."

Kanali kodula. Kanadya jekete lomwe ndinasoketsa kuti ndikavale paukwati.

Mpunga ndi matemba otsalawo ndinakafika nazo kumudzi Lachisanu madzulo, amayi atayamba kale kufunsa ngati ndamira. Ukwati unayenda bwino, ine ndili m'malaya okha, ndipo ena anati ndine wodzichepetsa. Alamu ndi achemwali analipo, koma ndinkawazemba ngati ndawabera nkhuku, makiyi atsopano ali m'thumba.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawatengera kwawo ku Songani, ndikuyendetsa ndekha. Titafika ndinazimitsa injini n'kuwapatsira makiyi. Alamu anawatembenuza m'manja.

"Alamu, kiyi wanga anali ndi mutu wakuda. Uyu ndi wa ndani?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pachala paja. Sanakalipe. Anangotembenukira kwa achemwali n'kuti, "Amake mwana, tatengani kachitini ka mabatani kaja."

Achemwali anabwera nako n'kukakhuthulira patebulo la golosale. Pakati pa mabatani ndi zingano panali kiyi wapadera, wonyezimira, womangidwa kansalu kofiira. Analipo masiku onsewo. Alamu anaseka mpaka kugwira khoma, n'kumati tsopano azidzayenda ndi makiyi awiri, wina wachitseko wina wa injini, ngati mlonda wa ndende. Koma achemwali sanaseke.

"Ndiye unagona kudoko, unavula jekete, kuopa kundiuza ine?" anatero motsitsa mawu. "Ine amene ndinkakubereka kumbuyo popita kudimba? Ndinakulakwira chiyani kuti uzindiopa chonchi?"

Ine ndinkaganiza kuti ndikuwateteza ku manyazi, pomwe iwo anamva kuti ndawayesa mlendo. Za ndalama zija ndinaiwala miyezi itapita, koma funso lawolo limandibwererabe, makamaka tsopano pamene iwo anatisiya.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndimafulumira kupempha thandizo. Koma mwezi watha ndinataya magalasi a maso, ndipo kutchalitchi ndikumayimba nyimbo za pamtima, buku lili chotsegula m'manja. Mwana wanga wamkazi amakhala pambali panga Lamulungu lililonse. Sindinamuuzebe.