Njinga Itapepuka Pamchenga

Mpaka lero ndikapita ku Lungwena, kwawo kwa mkazi wanga, pali amayi ena achikulire amene amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zambiri, koma popeza ana anga anaimva kale kwa amayi awo (atathiramo mchere wochuluka), kuli bwino ndiifotokoze ndekha.

Ndinafika ku Lungwena ndili mnyamata, zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, anthu akuwoloka malire ndi mitolo pamutu. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ntchito yanga inali yoyeza ana pasikelo ndi kuyendera zimbudzi m'midzi, koma anthu ankanditcha adokotala, ndipo ine sindinawatsutse ngakhale tsiku limodzi. Kuntchitoko anandipatsa njinga. Kwathu ndinali katswiri, zitunda za ku Ntcheu ndinkakwera osatsika. Koma kunyanja ndinakumana ndi mdani amene sindinkamudziwa: mchenga.

Panjira yochokera kumsika kupita kumudzi kwa Mariamu (inde, panali Mariamu, mwaganiza bwino) panali malo ena pamene mchenga unadzaza ngati wochita kuthira ndi lole. Kutalika kwake ngati mabwalo awiri a mpira. Ndikangolowamo, tayala lakutsogolo linkayamba kuvina, ine n'kugwira buleki, kenako khu! pansi. Pambali pa njirayo panali mjigo, ndipo amayi otunga madzi anafika pozolowera. Ndikamatulukira ankatula ndowa kuti aonere bwino.

Amene ankandiwongolera njinga anali Che Amadu, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika. Iwowa anali othawa nkhondo. Anachoka kwawo pa njinga, akazi awo ali pa kaliyala, mwana kumsana, mapoto atamangirira pa felemu.

"Adokotala, handulo iyi ndawongola kachitatu mwezi uno. Kodi mukulimbana ndi ndani?" anandifunsa tsiku lina.

"Mchenga, Che Amadu. Matayala a njingayi ndi owonda."

"Matayala alibe mlandu. Vuto lili umu," anatero akundigogoda pachifuwa ndi sipanala. "Inu mumagwa musanafike pamchenga. Umayamba kugwa ndi mtima, thupi limangotsatira."

Anandipatsa malamulo. Buleki osagwira. Tayala osaliyang'ana, maso akhale pa mtengo wa patsidya. Ndipo chachikulu, osacheuka, olo wina akuwe bwanji.

"Ife pothawa, kumbuyo kunkalira mfuti. Ndikanacheuka, bwenzi njinga yanuyi akukonza wina. Mukafika pakati mtima uli m'malo, walahi, ndikulumbira, muona, njinga imapepuka yokha."

Ndinayeserera milungu iwiri. Mlungu wachitatu ndinadutsa mchenga wonse phazi osaponda pansi, amayi a pamjigo n'kusenza ndowa zawo mokhumudwa. Kuyambira tsiku limenelo sindinagwirikenso. Mawu akuti "zonse ndi mtima" sankachoka pakamwa panga. Mwana akamalira pasikelo, zonse ndi mtima. Munthu akadandaula kuti dzenje la chimbudzi likugumuka, zonse ndi mtima. Anzanga a kuntchito anayamba kundizemba.

Ndiye linafika tsiku lalikulu. Amalume anga anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzakamba za ukwati. Kwawo kwa Mariamu, mwini mawu onse anali amalume ake, Che Mbwana, amene iye ankawatchula kuti anjomba. Iwo akakana, ndiye kuti yatha, olo ubwere ndi galimoto. Ankakhala kuchikamwini, mudzi wa kuseri kwa msika, ndipo masiku amenewo bondo lawo linali litatupa. Panafunika munthu wokawatenga pa njinga. Mkamwini wanzeru akanakhala phee n'kusiya ena apite. Ine ndinaimika dzanja.

"Mukafika pamchenga paja mutsike, mukankhe," Mariamu anandinong'oneza kuseri kwa nkhokwe. "Anjomba sakonda masewera."

"Iwe, zonse ndi mtima," ndinamuyankha. (Mawu amenewa amandikumbutsabe tikangosemphana pang'ono.)

Che Mbwana anali bambo ochepa thupi, osayankhulayankhula. Ndinawapeza atavala mkanjo woyera mbee ndi mzuli watsopano kumutu. Ndinayala kansalu pa kaliyala, ndodo yawo n'kuimangirira pa felemu. Chifukwa cha bondo ndi mkanjowo, anakhala cham'mbali ngati mmene amakhalira amayi.

"Gwirani lamba wanga, bambo," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ine kugwira m'chiuno mwa mwana amene akufuna mbumba yanga? Ndagwira pansi pa chishalo apa. Kwende, tiyeni."

Tinayenda bwinobwino mpaka kudutsa msika. Mchenga utaonekera, ndinamva mawu kumbuyo.

"Adokotala, apa titsike."

"Musadandaule bambo. Zonse ndi mtima."

Ndinasankha mtengo wanga wa patsidya, ndinaimirira pa mapedulo, n'kulowa. Poyamba zinali zolemera, osanama. Njinga inapita uku, inapita uko. Chala chinayabwa kufuna buleki, ndinachikaniza. Kumbuyo kunamveka "Eee! Eee! Adokotala!" ine n'kukuwa kuti, "Limbani mtima, bambo!" Tayala lakumbuyo linadumpha pa kamuzu kobisika, njinga inagwedezeka kamodzi, kenako chozizwa chija chinachitika. Inapepuka.

Abale anga, sindinapalasepo njinga ngati tsiku limenelo, ndipo sindidzapalasanso. Miyendo inkangozungulira yokha. Mchenga umene unandigwetsa miyezi yonse ija unali ngati tala. Mumtima ndinati, Che Amadu ndi mneneri. Amayi a pamjigo anali atataya ndowa, akukuwa, manja m'mwamba, ena akuthamangira kunjira. Ndinati lero andivomereza. Ndinawaimbira belu kawiri powathokoza, maso ali pa mtengo.

Nditatuluka mumchengamo ndinaona kuti ino ndiyo nthawi yodzigulitsa. Ndinawafotokozera Che Mbwana kuti posachedwa andikweza pantchito. Ndinawauza za nyumba ya malata imene ndidzamange. Ndinawalonjeza kuti Mariamu sadzavutika, chifukwa ine ndine munthu wosamala. Iwo anali chete. Ndinati ndi mmene amachitira akuluakulu, amayamba asinkha.

Ndinalowa pabwalo la amayi a Mariamu belu likulira. Anthu anali atakhala kale pamphasa, amalume anga ali pampando atavala jekete m'dzuwa lonse lija. Ndinaima mwaulemu, phazi limodzi pansi.

"Tafika, bambo. Tsikani pang'onopang'ono, samalani bondo."

Zii.

"Iwe," anatero amalume anga, "ukuyankhula ndi ndani?"

Apo ndi pamene ndinacheuka, koyamba chichokere pamsika. Pa kaliyala panali kansalu kokha. Amayi a Mariamu anayang'ana kansaluko, anayang'ana ndodo ili pa felemu, n'kufunsa motsitsa mawu, "Achimwene anga ali kuti?"

Sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo. Ndinadziwa kuti pamchenga paja sindinatayepo Che Mbwana okha, ndatayaponso Mariamu. Ndinatembenuza njinga n'kubwerera. Pobwererapo ndinagwa kawiri pamchenga womwe uja, ndilibe katundu aliyense.

Ndinawapeza pamjigo atakhala pa ndowa yovundikira. Mayi wina ankawakuntha mkanjo, wina akutsuka mzuli. Mchenga unali m'makutu, unali m'ndevu. Mwamwayi anagwera pofewa, bondo silinaonjezereke. Ndinagwada pamaso pawo.

"Mwafika bwino, adokotala?" anandifunsa.

Kukanakhala bwino akanandimenya ndi ndodo ija. Anakweranso pa kaliyala, koma anandiletsa kukhudza chishalo. Ndinawakankha mpaka kumudzi, amayi a pamjigo akutiperekeza pambuyo, aliyense akufotokozera mnzake mmene mzuli unaulukira.

Pa zokambirana sindinakhalepo. Amalume anga anandiuza madzulo, jekete itanyowa ndi thukuta. Akuti Che Mbwana anati, "Mphamvu mwanayu ali nazo, ndaona ndekha mmene msana wake umatalikira. Koma ine ndinakuwa katatu, sanamve. Nanga mwana wathu akadzakuwa m'nyumba, adzamva?" Sanakane, koma sanavomere. Anagamula kuti kwa miyezi itatu ndiziwatenga Lachisanu lililonse kupita nawo kumzikiti, akafika onse athunthu ndiye tidzakambirane.

M'mawa mwake ndinapita kwa Che Amadu ndili ndi mkwiyo.

"Munati osacheuka!"

Anaseka mpaka kugwetsa pampu. Atapukuta misozi anati, "Adokotala, ine sindinkacheuka chifukwa akazi anga anandigwira lamba kuchokera kwathu mpaka kuno. Dzanja lawo ndinkalimva pamsana. Likanangochoka, ndikanaima, mfuti kapena popanda mfuti. Inu munamva dzanja la ndani?"

Ndinangowapatsa handulo kuti awongolenso.

Ma Lachisanu aja ndinawakwanitsa onse, ndipo pamchenga ndinkatsika ndisanauzidwe. Che Mbwana anavomera. Lamba wanga sanamugwirepo mpaka tsiku lomaliza, choncho ndinaphunzira kufunsa. Mtengo uliwonse tikadutsa, "Mulipo, bambo?" Iwo, "Ndilipo."

Chizolowezicho sichinandichoke. Lero tsitsi layera, koma ndikatenga Mariamu pa njinga kupita kuchigayo ndimafunsabe, "Mulipo, amayi?" Masiku ambiri amayankha. Koma tikafika pamchenga, pamene pali anthu oonerera, amakhala chete dala. Ine ndimadziwa bwinobwino kuti alipo, kulemera kwake ndikukumva m'miyendo. Ndimacheukabe, ndipo timagwa tonse awiri.