Kandege Kopanda Mwambo

M'mudzi wina, umene dzina lake sititchula poti eni ake akadali moyo, munali a Mangulenje, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yaikulu Yolandira Chitukuko Chikabwera.

Tsiku lina chitukukocho chinabweradi. Kampani yoika magetsi a dzuwa inalengeza kuti itumiza kandege kopanda woyendetsa kudzajambula nyumba zonse. Inkafuna kudziwa kukula kwa denga lililonse ndi masola amene angakwanepo, kuti mwini nyumba auzidwe mtengo popanda wina kukwera makwerero.

A Mangulenje, amene anali atalonjeza kale akazi awo a Nachisale filiji yogulitsira mafilizesi, anaitanitsa msonkhano.

"Anthu akudzatijambula," anatero. "Makoma apakidwe laimu, mabwalo asesedwe, ana asambe ngakhale si Lamulungu."

Mudzi unawala. Patsikulo anthu anandandalika kumsewu atatchena, kwaya ili chire. Pagalimoto panatsika mtsikana wa kampaniyo, dzina lake Ulemu. Anapereka moni, natsegula kabokosi, kandege nkuti pyoo! m'mwamba. Makoma oyera aja sikanawayang'ane. Suti ya a Wapampando sikanaione. Iwo anavula chipewa nkukabayibitsa, koma sikanayankhe.

Masana onse anasonkhana kusukulu kukaona zithunzi. Padenga la abusa panali matayala. Pa la aphunzitsi panali miyala, mpando wothyoka ndi nsapato imodzi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka linatuluka denga la a Mangulenje.

"Ili ndiye denga, bambo," anatero Ulemu mwaulemu. "Ndi lalikulu, ndipo dzuwa limalimenya tsiku lonse. Koma chitsulo chachitalichi, chapsinja malatachi, chiyambe chachoka."

Amayi onse anachizindikira. Inali handulo ya mjigo wa m'mudzimo, imene inasowa dzinja latha mphepo itavuta, ndipo chisowereni iwo ankatunga madzi kudambo, kulimbirana ndi achule. Kafukufuku wa nthawi imeneyo, amene anatsogolera a Mangulenje eni ake, anapeza kuti anaiba ndi anthu a kutsidya kwa mtsinje.

Mayi Nazimbiri, amene msana unali utawakana chifukwa cha zidebe, anaimirira pang'onopang'ono.

"A Wapampando, pepani ndifunse nawo. Kodi akuba a kutsidya aja katundu wawo amasungitsa kwanu?"

A Nachisale anadzifunditsa chitenje kumaso. Koma amuna awo sanagwedezeke. Anakonza tayi, natsokomola.

"Mayi, mutu umodzi susenza denga. Nkhani ngati iyi imafuna komiti."

Komiti inakhaladi pansi, ndipo itamwa tiyi inagamula kuti wolakwa ndi kandege. Kanalowa m'mudzi osaodira, kanayang'ana akuluakulu pamutu, ndiponso kanaona zinthu zimene sikanatumidwe. Anakaletsa kuulukanso m'mudzimo mpaka kataphunzira mwambo. Ulemu analongedza kabokosi kake nkumapita, masola ndi filiji ya a Nachisale nkupita naye limodzi.

Pofuna kuti chilungamo chioneke, anakhazikitsanso Komiti Yapadera Yofufuza Mmene Handulo Inakwerera Padenga. Wapampando wake anasankhidwa popanda wopikisana naye: a Mangulenje, poti palibe wina amene amaidziwa nkhaniyi kuposa iwo.

Mayi Nazimbiri anapempha kuti pamene akufufuza, handuloyo itsitsidwe kaye, anthu amwe madzi abwino.

"Ayi, mayi," anayankha a Wapampando mwachifundo. "Umenewo ndi umboni. Saloledwa kuukhudza munthu aliyense mpaka kafukufuku atatha."