Tambula ya a Justus

Dilu yonse inapangidwa pa Lirangwe, dzuwa likuswa mtengo, chipanda cha masese chili pakati. Mbava zake zinali ziwiri zokha koma zinkadzitcha kampani: Christmas, wodzitcha Injiniya ngakhale sanamangepo ndi khola la nkhuku lomwe, ndi mnzake Isaki, wotchedwa Kamphepo.

"Aise, pa Chileka pali mdala wina, a Justus, ali ndi kabala ka mowa," anatero Injiniya. "Amasunga tambula ya nthawi ya atsamunda, yojambula maluwa m'mbali. Ogula zakale angaifere. Tigule ya pamsika, tikasinthe. Basi, talemera."

"Bigi, mutu wanuwu ndi wa ku yunivesite!" anavomera Kamphepo.

M'mawa mwake anafika ndi kachikwama, tambula ya pamsika ili momwemo. A Justus, omwe anakalambira pa ntchito yosakanizira mowa anthu okwera ndege, ankaikonda tambula yawoyo ngati mwana mmodzi yekhayo. Tsikulo ankayesa kupanga chakumwa choyenera ulemu wake: jini, madzi a bwemba, mandimu ndi kauchi pang'ono. Chomwe ankasowa ndi anthu olawa.

"Mwafika bwino, achimwene. Talawani mu tambula yeniyeniyo. Nzaulere."

Kalanga ine! Atangomva za ulere, nzeru za kampani zinapita kutchuthi.

"Bwemba wachepa, madala," anatero Injiniya, yemwe chibadwire anali asanalawepo jini.

"Uchi wachuluka. Tapangani kena," anawonjezera Kamphepo.

Pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi, Kamphepo anadzandira kupita kokataya madzi. A Justus atatembenuka kudula ndimu, Injiniya anakumbukira ntchito: yeniyeni m'chikwama, ya pamsika pa kauntala. Mnzake atabwera, Injiniya nayenso anapita kuseri, kuiwala kumutsina khutu.

Kamphepo anaona mdala wawerama. Mpata ndi umenewu! Anatulutsa ya m'chikwama, nkulowetsa ya pa kauntala, akudzitama mumtima kuti zala zake sizigona.

Potuluka, chikwama chinagunda chitseko, ngwee! A Justus, poganiza kuti tambula yawo yabedwa, anakuwa. Wapolisi yemwe ankadikira minibasi panjapo anagwira awiriwo malaya nkutsegula chikwama.

A Justus anaiyang'ana tambulayo, anayang'ananso pa kauntala, manyazi nkuwagwira.

"Pepani, bwana, ndalakwira alendo anga. Iyi ndi ya pamsika. Yanga ili apo. Asiyeni azipita."

Njira inali yoyera mpaka ku Lirangwe. Koma Injiniya sakanalola kunyozedwa pa ntchito yake.

"Ya pamsika? Madala, musatipusitse! Ndasintha ndekha ndi manja angawa!"

"Wasintha iweyo?" anakalipa Kamphepo. "Usabe ulemu wanga, aise. Wasintha ndine!"

Wapolisi anatulutsa unyolo akupukuta misozi ya phwete.

"Musakanganirane, mabwana," anatero. "Ulipo wokwana nonse awiri."