Mivi ya a Zephaniah

Ku Chowa kuno ngakhale mwana ankadziwa kuti a Zephaniah Mwanza sankalola munthu kunyamula chinthu asanachijambule. Kaya ndi thumba la makala, kaya wilibala, iwo ankasolola choko m'jekete n'kugwada: kabokosi pakati, muvi woloza pansi kusonyeza kulemera, wina woloza m'mwamba kusonyeza mphamvu ya manja ako. Zaka makumi awiri anaphunzitsa antchito a pamgodi kukweza zitsulo ndi zingwe, ndipo ankadzitama kuti palibe wophunzira wawo anadukapo chala.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma choko chawo sichinapume. Tsiku lina minibasi inatifera panjira ya ku tauni. Ife tili kalikiliki kukankha, iwo akujambula pachitseko.

"Ba ticha, tithandizeni kupusha!" anakuwa kondakitala.

"Nikuthandiza, iwe. Ona muvi uyu ubwerera kumbuyo. Dalaivala wako sanachose handibuleki."

Kutchalitchi nako abusa anawapempha kuti aleke kulemba pamabenchi. Iwo anayankha kuti benchi lokhalapo amayi a chigwirizano asanu ndi atatu lifunika pemphero komanso mwendo wachisanu. Sabata yotsatira linathyoka nyimbo ili pakati.

Koma nkhani imene sitidzaiwala ndi ya nyumba. Kampani ina inati yagula mzere wathu wonse wa nyumba, ndipo inayambira kwa a Zephaniah poganiza kuti nkhalamba siivuta. Kunabwera bwana wa suti ndi amuna awiri otulutsa katundu. Tsoka lake, amunawo anali Mulenga ndi Petson, ophunzira awo akale amene njala inawakankhira ku maganyu. A Zephaniah anakhala pampando pakati pa khomo, ndodo yawo ili m'manja, akazi awo a Lyness ali kumbuyo, misozi ili lengelenge.

"Muchoseni pamodzi na mpando," analamula bwanayo.

Mulenga anavula chipewa. "Ba ticha, tikhululukireni. Ni nchito chabe."

"Nchito ni nchito, mwana wanga. Ninyamule. Manje mivi ili kuti?"

Anamuponyera choko. Mulenga anagwada pakhonde n'kujambula.

"Walakwa. Ndodo yanga ilibe kulemera?"

Anafufuta, nayambiranso. Atangomaliza, a Lyness anapukuta misozi n'kudzakhala pamwendo pa amuna awo.

"Katundu wasintha," anatero a Zephaniah. "Yamba futi."

Ine ndinalumpha mpanda n'kukagwira mwendo wa mpando. Kenako anafika amayi a chigwirizano aja, mmodzimmodzi mosafulumira, aliyense kudikira kuti Mulenga amalize kaye ndiye atsamire. Khonde lonse linayera mbuu, bwana thukuta kamukamu.

"Imwe, nyamulani chabe!" anakuwa bwanayo.

Petson anamutambasulira manja pamaso. "Bwana, werengani zala izi. Zonse zilipo. Ise sitinyamula popanda mivi."

Dzuwa litafika paliwombo bwanayo anakwera galimoto yake, a Zephaniah akumukuwira: "Mukabwere na mphamvu yopambana iyi!" Kaya anakanena chiyani kwa omutuma, koma sanabwerenso, ndipo a Lyness akali m'nyumbayo mpaka lero. Ndinene zoona, chitsekereni mgodi, limenelo ndilo tsiku loyamba limene ndinayenda mu Chowa mutu uli m'mwamba.

Chifuwa chinawatenga chaka chatha, nyengo yozizira. Masiku ano makoma, mabenchi ndi zitseko za maminibasi zilibe muvi ngakhale umodzi, ndipo ine ukhondo umenewu ndimadana nawo. Anthu amangonyamula zinthu mwachisawawa, palibe wowakalipira.

Pamaliro awo, nthawi yonyamula bokosi itakwana, tinaimirira amuna asanu ndi mmodzi, koma palibe anatambasula dzanja. Mulenga anasolola choko n'kugwada pakhonde lomwe lija. Anajambula muvi umodzi woloza pansi, isanu ndi umodzi yoloza m'mwamba. Atamaliza sanadzuke. Tonse tinangodikira kuti wina anene kuti walakwa.