Thandala la zikhomo za bwana

Mpaka lero amuna a m'mudzi mwathu akakhala pansi kukambirana za thangata amatchulabe munthu wina wolimba mtima amene anazula zikhomo za bwana. Ena amati anali wa ku Nsabwe, ena amati anathawira kwa Apwitikizi. Ine ndimangowaikira thobwa n'kubwerera kuseri, chifukwa munthu wolimba mtimayo ndine, ndipo chimene ndinkafuna ine ndi poyanika mbale basi. (Bwana wa nthawi imeneyo anabwerera kwawo, ndiye pano ndikhoza kunena.)

Ife timakhala pa malo a esiteti. Makolo athu atawoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi anapatsidwa pomanga ndi polima, koma osati ulere. Malipiro ake ndi thangata: mwamuna wa pakhomo amakagwira ntchito ya bwana m'dzinja, nthawi yomweyo imene munda wake ukumufuna. Malamulo alipo ambiri, ndipo wolakwira amapatsidwa notisi, kapepala komuuza kuti asamuke, nyumba ndi munda azisiye. Lamulo limene linkandipweteka ine ndi loletsa kudula mitengo. Chaka chimenecho mwana wanga woyamba, Linesi, anali atayamba kukwawa. Thandala langa lakale linali litadyedwa ndi chiswe, mbale ndinkayanika pansi, ndipo Linesi ndi nkhuku ankapikisana kuti afike poyamba ndani. Nditawadandaulira bambo ake a Linesi, anati ndidikire mwezi wa thangata uthe. Ndine munthu wodikira ndithu, koma tsiku lina ndinapeza mwana akunyambita chipande chimene tambala anali atangochoka kupondapo.

M'mawa mwake ndikupita kukathyola ndiwo, kumapeto kwa munda wathu wa nandolo, kumene kumayambira tchire, ndinaona mitengo yozikidwa pansi. Inali ya bulugamu, yowongoka bwino, yofika m'chiuno, nsonga zake zopakidwa njereza. Tiyi panthawiyo anali asanafike mbali yathu ino, moti zoterezi ndinali ndisanazionepo. Ndinaima n'kuganiza ngati munthu amene anapitako kusukulu ya mishoni: lamulo likuletsa kudula, koma iyi yadulidwa kale, ndipo wodulayo si ine. (Kunena zoona, mtima unandinong'oneza kuti mtengo sudzipaka wokha njereza, koma ndinauuza kuti ukhale chete.) Ndinazula inayi ya miyendo. Mawa lake ndinaona kuti pafunika yopingasa, ndinakazula isanu ndi umodzi. Iwiri yotsalayo inkaoneka yosungulumwa, ndinaitenganso.

Thandala lake linali lokongola, abale. Nsonga za njerezazo ndinazilozetsa kumwamba kuti pakhomo paoneke ngati pa nyumba ya aphunzitsi. Bambo ake a Linesi ankachoka mbandakucha n'kubwera ali wefuwefu, ndiye anangoliyang'ana n'kunena kuti anakwatira mkazi wa manja. Sanafunse kanthu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, amuna angapo anasonkhana pakhomo pathu. Kunali mphekesera yoti boma likufuna kuika malire pa zimene eni maesiteti angalamule anthu okhala pamalo pawo. Ena ankati zimenezo n'zabwino, munthu azidziwiratu mtolo wake, osati bwana aliyense kuwonjezera masiku monga wafunira. Ena ankakana, amati ukavomera muyeso wa thangata ndiye kuti wavomera kuti nthaka si yako, pomwe manda a makolo ako ali pomwepo. Mkulu wina anati bwana ali ndi pepala la malo, mnzake n'kumufunsa ngati pepalalo linalimapo mzere ngakhale umodzi. Ine ndinali pambali ndikusenda chinangwa, ndikumvetsera ndi khutu limodzi.

Kenaka wina anatsitsa mawu. Anati kodi simunamve, zikhomo zimene anazika poyeza munda watsopano wa tiyi zazulidwa zonse khumi ndi ziwiri. Bwana wakwiya, akuti kumeneko n'kuukira, ndipo pakhomo pamene zidzapezeke padzafika notisi tsiku lomwelo.

Mpeni unandigwa m'manja. Sindinafunikire kuwerenga, ndinkadziwa kuti thandala langa lili ndi mitengo ingati.

Amunawo anagawikananso. Ena anati wochita zimenezoyo ndi chitsiru chofuna kupalamulira mudzi wonse. Koma mwamuna wanga, munthu wofatsa amene sakweza mawu ngakhale pothamangitsa mbuzi, anaimirira n'kupita kukatsamira pathandala paja.

"Ameneyo ndiye mwamuna," anatero akumenya chikhomo ndi chikhatho. "Ife timangolankhula. Nditamudziwa ndikhoza kumuphera nkhuku."

Mwamwayi ndinali nditayanikapo nsalu za Linesi, nsonga zoyera zija zinabisika. Sindinayambe ndathokozapo Mulungu chifukwa cha mwana wonyowetsa nsalu ngati tsiku limenelo.

Munthu wanzeru akanawauza amuna ake madzulo omwewo. Ine ndinaganiza zokonza ndekha. Lolemba atangochoka, ndinagumula thandala, n'kumanga mitengo ija pakati pa mtolo wa mapesi, Linesi kumbuyo, ulendo kumunda. Kufika kuja, maenje osaoneka. Mvula inali itagwa kawiri, udzu utamera. Ndinayendayenda ndikufufuza ndi chala chakuphazi, ndinapeza limodzi lokha, ndipo mwina linali la mbewa.

Apa ndi pamene ndinachita chopusa chachiwiri, choposa choyamba. Ndinaganiza kuti ndikazika cha kutchire adzati ndabera bwana malo, mlandu n'kukula. Ndiye kuli bwino ndisunthire cha kwathu pang'ono. Ndinazika choyamba, n'kuona kuti mwina sichinakwane, ndinasunthanso. Mantha akamakuyezera munda sadziwa kuima. Pomaliza zikhomo zonse zinali zitaima m'kati mwa nandolo wanga, mzere wake wokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa, ndipo chomalizira chinali pafupi ndi nkhokwe. Ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira kuti ndine munthu woona mtima.

Lachitatu m'mawa ndinamva nyimbo ya anthu a zikwanje. Kutuluka panja, ndinaona gulu la antchito likuyamba kumweta kutsata zikhomo, nandolo wanga woyamba maluwa akugwa. Kumbuyo kwawo kunali a Kapitawo Muhiwa, amene ankayang'anira ntchito mbali yathu, munthu wamtali wosaseka, amene ana ankathawa akangoona chipewa chake. Anali ataima pa chikhomo chimodzi, akuchiyang'anitsitsa.

Ndinathamanga n'kukagwada patsogolo pawo. Mawu amene ndinakonza m'njira anathawa onse.

"A Kapitawo, mzerewu si wake."

"Mwadziwa bwanji, amake Linesi? Mumayeza minda masiku ano?"

Iwo anazula chikhomo chija n'kundionetsa. Chinali ndi chizindikiro cha luzi pamene ndinamangira, m'mbali mwake mwaye wa mphika, ndipo pamwamba panali kamphako kamene ndinasema kuti ndizikolekapo chipande.

"Ine ndagwira ntchito ino zaka zambiri," anatero, "koma woukira boma wokoleka chipande sindinamuonepo."

Basi ndinaulula zonse, kuyambira tambala uja. Ndinawapempha kuti ngati n'kulanga alange ine, ndikapalira tiyi masiku amene anganene, koma notisi ayi, chifukwa mwamuna wanga sakudziwa kanthu ndipo tilibe kwina kopita ndi mwana. Anandimvetsera osaphethira. Nditafika ponena kuti ndinasunthira zikhomo m'munda mwanga dala poopa kubera bwana, anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akwiya. Kenaka ndinamva kuti akulimbana ndi phwete.

Anakuwira anthu aja kuti aleke, akayambire kumtsinje, kuno mzere wasokonekera ndi mvula. Anthuwo atapita, anandilankhula m'Chilomwe cha makolo athu, chimene sankachita pantchito. Anati anthu ena amalira kuti bwana akuwalanda munda, koma wopereka yekha, mpaka ndi nkhokwe yomwe, ayamba kumuona lero. Anakatenga tcheni choyezera, anandigwiritsa nsonga imodzi pa mwala waukulu umene anayambirapo poyamba, ndipo tinayeza tonse awiri, Linesi ali kumbuyo akukoka tchenicho. Zikhomo zinabwerera kutchire kumene zinali. Mwaye tinaupukuta ndi masamba, kamphako kaja anakalozetsa pansi.

Ndinawafunsa kuti nanga kwa bwana akanena chiyani.

"Bwana anafunsa zikhomo," anatero. "Zikhomo zapezeka, zili m'malo mwake. Za thandala sanafunse."

A Kapitawo sanalandire kanthu kwa ine. Nditakolola ndinawapititsira nsengwa ya nandolo, anaibweza, amati anthu angayambe kufunsa chifukwa chake. Anthu amanena zambiri za akapitawo, ndipo zina n'zoona, inenso ndinaziona. Koma denga limene ndagona pansi pake zaka zonsezi, pamene anabadwira ang'ono ake a Linesi awiri, ndili nalo chifukwa cha munthu ameneyo, ndipo ndikamapemphera ndimamutchula dzina.

Bambo ake a Linesi ndinawauza madzulo a tsikulo, chifukwa anafunsa kumene kwapita thandala ndi chimene chadya mizere itatu ya nandolo. Atamva zonse anandipempha chinthu chimodzi, kuti anzawo aja asadzamve, poti anali atalankhula kwambiri. Loweruka anapita kudambo kukadula bango n'kundimangira thandala lina, lopendekeka, limene linkagwa mphepo ikangowomba. Sindinadandaule ngakhale kamodzi.

Mkangano wa thangata sunathe. Amuna akadali kutsutsana ngati kuli bwino kulemberana muyeso kapena kukana zonse, ndipo ine ndilibe yankho loposa lawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti nandolo tinakolola chaka chimenecho ndi chinzake. Chaka chachitatu anthu a tcheni anabweranso, ndipo ulendo uno zikhomo anazizika okha m'kati mwa munda wathu, pafupifupi pomwe ndinaziika ine ndi mantha anga paja, kungoti mzere wawo unali wowongoka. Zinali mitengo yabwino kwambiri, yoposa yoyamba ija. Ndinadutsa pomwepo manja nditawagwirira kumbuyo.