Nandolo wa Amayi Wokana Kugawika

Amene akuti ndikunama anyamuke pompano, apite kuseri kwa phiri la Chiradzulu akaone thanthwe lomwe lili bii mpaka lero. Si moto umenewo, ndi masamu anga, ndikulumbira pali manda a amayi.

Amayi atamwalira anasiya matumba awiri a nandolo wa mbewu, alongo anga ali atatu, ine mwini mbumba, nanga matumba awiri ungagawe bwanji patatu wina osakunena kuti wakondera? Ndinakana kuyeza ndi mbale, ndinakana ndowa, ndinati ine amene ndinaphunzitsa masamu ku Mbulumbuzi mpaka choko kumandiopa ndiwerenga njere imodziimodzi, ndipo ndinawerengadi, dzanja lamanja thumba ili, lamanzere linalo, zala zakumapazi zikusunga mahandiredi, mpaka zikhadabo zinatha n'kumeranso kawiri. Zinakwana miliyoni imodzi ndi njere zitatu. Mukumva?

Nambala imeneyo ndi mfiti. Pawiri inakana, patatu inakana, pasanu inandiseka, pa seveni inasiya zinayi, pa leveni zinayi, pa satini zinayi zomwezo ngati zinachita kupangana. Makope atatha ndinalemba ndi makala pathanthwe, thanthwe litadzaza ndinatsikira mumsewu, samuyo inatalika mpaka ku Nguludi, maminibasi akukhotera kutchire kuopa kufufuta zotsala, anyani akundisenzera makala pamutu, ndipo nditaiyesa ndi manambala onse mpaka sauzande ndinaigwira pakhosi: ndi ya mtundu uja wosagawika, wolola wani ndi mwini wake basi. Mukumva inu? M'boma lino palibe wina anagwirapo nambala yotere ndi manja ake.

Koma mvula sidikira masamu. Inagwa, inakata, inagwanso, zaka zitatu, alongo anga akubwera ndi malichero n'kubwerera chimanjamanja, ine ndikuti dikirani, chilungamo sachita kuthamangira. Wamkulu, a Esinati, anamwalira osadzalako nandolo wa amayi awo ngakhale phando limodzi. Wachiwiri anasamukira ku Likoswe, ndipo tikakumana pamaliro amayang'ana kumbali. Tsiku lomwe ndinamasula matumba kuti ndilengeze yankho, munali ufa wokhawokha ndi anankafumbwe onenepa ngati mbuzi za khola. Mbewu yomwe amayi anasunga chiyambire utsikana wawo inathera m'manja mwanga, ndipo zimandiwawa, sindibisa.

Wamng'ono, Felesiya, anatapa ufawo, nauuzira, kenako anandifunsa kuti pogawa patatu zinkatsala njere zingati.

"Imodzi," ndinatero.

"Achimwene, imodziyo simukanangoitafuna?"

Ine amene ndinagonjetsa miliyoni, funso limenelo landikanika mpaka lero. Ndipo nthawi imeneyo mano ndinali nawo onse.